Kwezani Miyendo, a Sajeni

A Clive Ollerton anafika pabwalo la ndege kudakali ola lathunthu nthawi isanakwane. Anaimika galimoto pafupi ndi mpanda, natenga chikalata cha dokotala, nakakhala pabenchi kunja kwa shedi. Bwalolo linali la nthawi ya nkhondo yakale ija ya dziko lonse, pakati pa minda ya ku Lincolnshire. Simenti yake inang'ambika kalekale, udzu n'kumera m'ming'alu.

Anali ndi zaka 69. Chikalatacho chinkati mtima wawo uli bwino. Za chiuno sichinanene kanthu, poti dokotala sanafunse ndipo iwo sanamuuze.

Tsikulo linali la bungwe lothandiza asilikali ovulala ndi mabanja awo. Anthu makumi atatu analonjeza kudumpha m'ndege, aliyense atamangiriridwa kwa mlangizi, kuti abale ndi anansi aponye kangachepe kubungweko. A Ollerton analembetsa m'nyengo yozizira, anzawo a kumowa atawaseka kuti usilikali wawo unatsala pazithunzi basi. Mawa lake analembetsa.

Anthu anayamba kufika: anamwino atatu ovala malaya ofanana, aphunzitsi, mkulu wina wogulitsa mathirakitala, ndi amayi angapo amene nkhope za ana awo zinali zitadindidwa pamalaya. Pakhoma la shedi panali bolodi loyera. Mayi Moira Garside, mkulu wa alangizi, ankalembapo mayina awiriawiri, wonyamulidwa kumanzere, womunyamula kumanja.

A Ollerton anali pamzere wa tiyi pamene anamva mayi wina akulankhula motsitsa mawu pabolodipo.

"Sikuti ndikumunyoza ayi. Kungoti ndili ndi ana awiri kunyumba."

"Kieran wadumpha koposa zikwi zitatu," anatero mayi Garside.

"Ali ndi miyendo ingati nthawi imeneyo?"

Mayi Garside anatenga kansalu, nafufuta dzina la mayiyo, nalilemba pamzere wina. Pasanapite nthawi mkulu wa mathirakitala uja anabwera ndi pempho lomwelo, iye akuseka ngati ndi nthabwala. Dzina la Kieran Duffield linatsala lokha, kumanzere kwake kuli mbee.

Mwini dzinalo anali pakona ya shedi, atagwada, akuwongola zingwe za parachuti. Anali bambo wa zaka ngati 35, wamapewa aakulu, wovala kabudula ngakhale kunali kamphepo. Mwendo wake wamanzere unathera mmunsi mwa bondo, ndipo kuyambira apo chinali chitsulo chakuda cholowa mu nsapato. Anamva zonse. Sanadzutse mutu.

A Ollerton anachoka pamzere wa tiyi.

"Ndilembeni apo."

Mayi Garside anayang'ana pepala lawo. "Munali msilikali wodumpha m'ndege?"

"Zaka 22. Sajeni."

"Ndiye ayi."

"Bwanji?"

Mayiwo anawakokera pambali. "Tamverani, bambo Ollerton. Kieran wabwerera patatha zaka zinayi. Mayeso onse wakhoza, alangizi anzake wawanyamula kambirimbiri. Koma munthu wamba, lero ndi koyamba. Eni bwalo lino anena kuti akangotera moipa kamodzi, basi, azipinda maparachuti m'shedi muno mpaka imvi. Ndikufuna ndimupatse munthu womvera, wosadziwa kalikonse. Inu akale ausilikali ndinu ovuta kuposa onse. Nthaka ikayandikira mumatsitsa miyendo."

"Ndi mmene amaterera."

"Ndi mmene munkaterera inuyo. Kuno wonyamulidwa amakweza miyendo kutsogolo, wogunda pansi ndi mlangizi. Mukatsitsa yanu, mapazi akodwa mu udzu, iye n'kukugwerani pamsana ndi liwiro lonse. Chaka chatha mdala wina ngati inu anathyoka akakolo, mlangizi wake n'kuphwanya bondo. Kieran alibe mwendo wina wosungira."

"Alipo wina wamufuna?"

Mayi Garside anayang'ana bolodi. Panalibe.

"Alembeni, a Moira," anatero Kieran kukona kuja, osatembenuka. "Akandithyola wotsalawu, bola miyendo yanga ifanana."

Pamtanda wa denga panali malamba olendewera ophunzitsira. Kieran anawaveka a Ollerton ovolosi, nawamangirira, nawakweza mpaka mapazi anasiya pansi.

"Ndikati miyendo, mukweze. Ngati mwakhala pampando, koma mapazi kutsogolo. Mwamva, a Sajeni?"

"Ndamva."

"Nthaka iyo ikubwera. Iyo. Iyo. Miyendo."

Mapazi a Ollerton anagundana okha, mawondo n'kuphatikana, zala kuloza pansi, zigongono m'nthiti, chibwano pachifuwa. Anamwino aja anaphulika kuseka.

"Zokongola zedi," anatero Kieran. "Chikanakhala chaka cha 1978 ndikanakuvekani mendulo. Tibwereze."

Kachiwiri zinali zomwezo. A Ollerton anaiyang'ana miyendo yawo ngati galu wawo amene waluma mlendo. Kachitatu anaikweza, koma chiuno chinawabaya, miyendo n'kuima panjira. Kieran anaona. Sananene za chiunocho. Anangowasonyeza timalamba tiwiri tosokedwa pa ovolosi, kuseri kwa mawondo.

"Gwirani apa, mukoke. Asiyeni manja agwire ntchito."

Kachinayi zinatheka. Kachisanunso.

"M'shedi aliyense amakhoza," anatero mayi Garside podutsa.

Mitambo inali yotsika, choncho anadikira. Awiriwo anakhala pabenchi ija, Kieran akudya buledi wa nyama yankhumba.

"Munadumpha kangati, a Sajeni?"

"Ka 64."

"Kuchokera pati?"

"Mafiti 800 kuchokera pansi."

"Amenewo ndi denga la khola la nkhuku. Munaonako chiyani kumeneko?"

A Ollerton anaganiza kaye. "Nsapato zanga."

Sanali kuseka. Masiku amenewo ankatuluka m'ndege mothithikana, katundu wolemera pamiyendo, mfuti pambali. Chingwe chomangirira ku ndege ndicho chinkatsegula parachuti. Munthu unkayang'ana ngati yatseguka, kupewa anzako, kumasula katundu, nthaka n'kukupeza mphindi imodzi isanathe. Yoyang'ana dziko panalibe.

"Lero ndi 13,000," anatero Kieran.

"Mwendowo sugwa mmwambamo?"

"Ukagwa ndiye kuti mlimi wina watola mphatso."

Komwe mwendowo unatsala sanafunse. Kieran naye sananene.

Cha m'ma 11 koloko mitambo inang'ambika. Ndege inali yaing'ono, yopanda mipando. Anakhala pansi mondondozana, aliyense pakati pa miyendo ya mlangizi wake, a Ollerton ndi Kieran pafupi ndi chitseko. Itanyamuka, Kieran anatambasula mkono nawaonetsa kawotchi koyezera kutalika.

"800 iyi. Kwanu kuja. Tsanzikani."

A Ollerton anasuzumira pawindo. Mitengo, ng'ombe, galimoto yofiira pamsewu, zonse pa msinkhu umene ankaudziwa. Thupi lawo linauma, kukonzeka. Koma ndege inangopitirira. Ng'ombe zinasanduka mpunga womwazika, kenako zinasowa. Anadutsa pampata wa mitambo, kuwala n'kudzaza ndege yonse. Ndege inkakwerabe. A Ollerton anayamba kuganiza kuti woyendetsa waiwala kuti muli anthu otsika.

Kieran anawakokera kwa iye, nakola ngowe zinayi, ziwiri pamapewa, ziwiri m'chiuno, nakoka malamba mpaka mpweya unavuta. Msana wawo unagunda chifuwa chake. Pamenepo ndi pomwe anamva. Chifuwacho chinkakwera ndi kutsika mofulumira, ndipo mtima unkagunda ngati munthu wotsekeredwa m'chipinda. Dzanja la Kieran linapita pa chogwirira chotsegulira parachuti, kenako pa chinzake, kenako pa chachitatu. Linabwerera n'kuyambiranso. Linayambiranso.

"Wazikhudza katatu tsopano," anatero a Ollerton, atapendeketsa mutu. "Zilipo."

"Ndikudziwa."

"Ndiye zisiye."

Mawuwo anatuluka ndi liwu lakale la pabwalo la perete. Dzanja lija linatsika n'kukhala pabondo.

Chitseko chinatseguka. Kuzizira kunalowa ngati madzi. Anakhwekhwereza matako mpaka pakhomo, ndipo a Ollerton anapezeka ali kunja kwa ndege, akulendewera pachifuwa cha munthu wina, manja atapingasa, mutu chagada. Maulendo onse 64 anatuluka pakhomo ndi miyendo yawo. Lero ananyamulidwa ngati thumba la mbatata.

Kenako khomo lija panalibenso.

Anaona mimba ya ndege ikuthawira mmwamba, yaing'ono, yaing'ono. Pakamwa pawo panayamba pokha kuwerenga masekondi kwakale: chikwi chimodzi, zikwi ziwiri, zikwi zitatu, yang'ana parachuti. Anadzutsa maso. Kunalibe kanthu, thambo lokhalokha. Mtima unalumpha, poti kale zikatero munthu ankatsala ndi nthawi yongotchula dzina la mayi ake. Anadikira imfa. Zikwi zisanu. Zikwi zisanu ndi chimodzi. Imfa sinabwere. Kieran anawagunda paphewa, iwo n'kutambasula manja, n'kusiya kuwerenga.

Sizinali ngati kugwa. Mphepo inali yolimba pansi pawo ngati tebulo, ikukankha masaya, ikubangula m'makutu. Ndipo dziko silinkabwera. Linangogona pamenepo, lonse.

Anaona mtsinje wa Humber, wofiirira, ukuyasamula kukamwa kwake mpaka kulowa m'nyanja. Anaona kamzere ka mchenga kopyapyala ngati ulusi, kakupindika pakamwa pa mtsinjewo, malo amene ali mwana anayenda tsiku lathunthu osafika kumapeto. Kutali m'madzimo munaima mitengo yoyera ya magetsi amphepo, mazanamazana, ngati singano zobayidwa pansalu. Kumtunda kunali minda, yachikasu, yobiriwira, yakuda, mpaka komwe maso analephera kusiyanitsa nthaka ndi thambo. Mithunzi ya mitambo inkayenda pamwamba pake pang'onopang'ono ngati ng'ombe zopita kudambo. Misewu yonse imene anayendapo moyo wawo wonse inakwanira pakati pa manja awo awiri.

Kudzanja lamanja kunaima mtambo. Ali pansi ankayesa mitambo ndi denga. Uwu unali phiri, la zigwa ndi mapanga, loyera mopweteka maso, lalitali kuposa chilichonse chimene anthu anamangapo. Anatsika m'mbali mwake ngati akutsika chiphompho. Pakhoma loyeralo anaona kamthunzi, kanthu kamodzi ka manja anayi, katazunguliridwa ndi mkombero wa utawaleza. Panapita kanthawi asanazindikire kuti ndi iwo awiri. Anafuna kuloza. Mphepo inabweza dzanja.

Malamba anawakoka mwamphamvu, miyendo n'kuponyedwa kutsogolo. Pamwamba pawo nsalu inawomba kawiri, n'kutambasuka. Phokoso lonse linatha.

Bata lake linali loti ankamva zingwe zikulira pang'ono, ndi mpweya wa Kieran pafupi ndi khutu lawo. Tsopano unali wodekha.

"Muli moyo, a Sajeni?"

A Ollerton anayang'ana pansi. Ankafunafuna tawuni yawo. Anaipeza, kadontho kotuwa m'mbali mwa mtsinje. Nyumba yawo, kumowa kuja, manda amene akazi awo anagona, zonse zinali m'kadonthoko, ndipo chala chimodzi chikanaphimba.

"Zakhala zili pompano masiku onsewa?" anafunsa.

"Chiyani?"

"Izi."

"Tsiku lililonse. Kupatula Lolemba, timatseka."

A Ollerton anapukuta magalasi otchinga mphepo ndi kuseri kwa dzanja, koma chinyezi chinali mkati.

Kieran anakoka chingwe chamanja, dziko n'kupendekeka, nyanja n'kuzungulira kupita kumbuyo kwawo. Anakoka chamanzere, nyanja n'kubwerera. Anatsika chomwecho.

"Tiyese kamodzi," anatero Kieran patapita nthawi. "Miyendo."

A Ollerton anagwira timalamba tija nakoka. Zala zinali zitachita dzanzi ndi kuzizira, chiuno chinabaya, koma miyendo inakwera.

"Bwino. Pumulani. Ndikadzanenanso ndiye zenizeni."

Nyanja inamira kuseri kwa minda. Bwalo linaoneka, shedi, magalimoto pamzere, timadontho ta anthu kumpanda. Kenako mitengo inayamba kukhala mitengo. Ng'ombe zinabwerera. Anamva fungo la manyowa, namva galu akuuwa. Uwu unali msinkhu wawo, ndipo thupi linauzindikira iwo asanaganize. Mawondo anayamba kufunana. Mapewa anakwera, chibwano chinatsika.

Kieran anakhota komaliza, nalunjika mphepo. Pakati pa udzu panaima mayi Garside, manja m'chiuno.

"Miyendo."

Anagwira timalamba, nakoka. Miyendo inakwera.

Koma nthaka iyi sinkabwera kuchokera pansi monga ankaidziwira. Inkathamanga kuchokera kutsogolo, udzu ukudutsa ngati pawindo la sitima. M'mutu mwawo munadzuka liwu la munthu amene anamwalira kalekale, mlangizi wawo woyamba: mapazi pamodzi, mawondo pamodzi, ukufuna kufa iwe? Liwu limenelo linawasunga amoyo ka 64. Zala zinayamba kumasuka. Anaona nsapato zawo zikutsika, zikugundana, zikuloza udzu.

"A Sajeni." Kieran sanakuwe. "Chonde."

Analibe mphamvu yotsutsana ndi nthaka akuiyang'ana. Zimenezo anazidziwa. Choncho anachita chimene sanachitepo chiyambire. Anachotsa maso pansi. Anagoneka mutu paphewa la Kieran nayang'ana mmwamba, kupyola nsalu, kukafika pa phiri loyera lija, limene tsopano linali patali, lili phee, ngati silinaonepo munthu. Kutera anamusiyira mwini wake. Anakoka timalamba mpaka moto unayaka m'chiuno n'kutsikira kubondo, ndipo sanasiye.

Anamva mikono ya Kieran ikutsika mbali zonse ziwiri, liwiro n'kuchepa ngati wina wawagwira kumbuyo. Udzu unalira pansi pawo. Nsapato ziwiri zinadutsa mmunsi mwa miyendo yawo, zikukhwekhwereza. Matako anagunda pansi, anatsetsereka pang'ono, n'kuima. Nsalu inagwa pambali mwakachetechete.

Anthu kumpanda ankawomba m'manja. A Ollerton ankawamvera patali.

"Mukhoza kutsitsa tsopano," anatero Kieran.

Miyendo inali ikadali mmwamba. Zala zinakana kutseguka. Kieran anamasula ngowe, nazungulira kutsogolo chokwawa, nayamba kuwatsegula zalazo chimodzichimodzi. Sanayang'anane.

Mayi Garside anafika. Anayang'ana kanjira kamene awiriwo anasiya mu udzu, kowongoka, kosakumbika paliponse.

"Taima," anauza Kieran. "Tayenda ndione."

Kieran anaimirira, nayenda masitepe asanu, nabwerera.

"Anatsitsa," anatero mayiwo. "Ndinaona."

"Anakwezanso," anatero Kieran.

Mayi Garside anayang'ana a Ollerton nthawi yaitali, kenako anabwerera kwa Kieran. "Tola nsaluyo ukapinde. Ndege yachitatu uli momo, ndipo yachisanunso. Usandichedwetse."

Kieran anawerama nayamba kukulunga zingwe mofulumira, nkhope atabisa. Atanyamula nsalu yonse pamkono anaima.

"Ndikudzutseni, a Sajeni?"

"Pita. Wamva zimene anena."

"Chiunocho?"

"N'changa."

Kieran anapita. A Ollerton anayesa kudzuka, chiuno n'kukana. Anagubuduka, nagwada, naima pang'onopang'ono.

"Chokanipo apa, bambo Ollerton, ena akutera," anatero mayi Garside. "Kushedi kuli satifiketi yanu, akufunanso akujambuleni."

A Ollerton anagwedeza mutu. Anayenda chotsimphina, koma sanalowere kushedi. Anakaima kumapeto kwa mpanda, kopanda anthu, ovolosi ikadali m'thupi, natsamira mtengo. Ndege inali itanyamukanso. Anaitsatira ndi maso ikuzungulira, ikuchepa, mpaka inatsala liwu lokha. Khosi linayamba kuwawa. Sanatsitse mutu. Ankafuna aone malo enieniwo, pamene munthu amatulukira m'ndege.